Tangopukuta Fumbi

Achimwene anga ndi munthu wabwino. Ndikuneneratu pano, chifukwa ndikafika kumapeto kwa nkhaniyi mwina pakamwa padzakhala patawawa. Vuto lawo ndi limodzi: akafuna kukuchitira zabwino sakufunsa. Umangoona zabwinozo zakugwera pamutu, iwe n'kumathokoza uku ukusisita chotupa.

Ine ndimakhala ndi Bambo athu chimwalirireni Mayi. Masana ndimakhala kushopu yofotokopa ndi kusindikiza makadi, madzulo ndimabwerera kunyumba kudzakangana nawo za shuga wa mu tiyi ndi za mawindo amene iwo amafuna akhale otseka chaka chonse. Bambowo anagwira ntchito zaka zambirimbiri m'nyumba yoonetsera kanema, kuchipinda chakumbuyo kumene kumakhala makina ndi mawaya. Kumeneko n'kumene diso lawo lakumanzere linafera, ine ndisanabadwe, mtovu wotentha utawadumphira m'diso akuwotcherera waya. Lakumanja linawasunga mpaka ukalamba, kenako nalonso linayamba kuchita nkhungu.

Adokotala anati opaleshoni ikhoza kulipulumutsa, koma ntchito yaikulu ili kunyumba. Diso likhale lophimba. Mankhwala azidonthezedwa pa nthawi yake, osadumpha. Asawerame, asanyamule kanthu, asayendeyende okha, ndipo abwererenso kuchipatala pa tsiku limene awauza. Mukachita ulesi, anatero adokotala akuyang'ana ine, disolo litupa m'kati, ndipo lina loti adalire palibe.

Bambo sanachite mantha kwenikweni, ndipo chimene chinkawalimbitsa mtima chinali pabalaza. Pafupi ndi mpando wawo pali katebulo, pakatebulopo pali ampulifaya yokuzira mawu a nyimbo, imene anapanga okha. Ndi ya mavalavu, timabotolo tagalasi tija timene tikayaka timafiira ngati makala. Ife tili ana tinkati mababu, iwo n'kumatikalipira. Mphamvu yake ndi mawati atatu basi, kuchepa kuposa kababu ka m'firiji. Kutsidya la balaza, pashelefu ya mabuku, pakati pa madikishonale ndi mabuku akale a zamagetsi, pankakhala masipika awiri. Amenewonso anapanga okha ndi matabwa a chitseko cha wadirobu, ndipo m'kati mwake anaikamo zipangizo zimene anapempha pamene nyumba ya kanema ija inkatsekedwa. Kunena zoona, anali onyansa. Nsalu za kumaso kwake zinali mbuu, sipika imodzi ngodya inathetheka, inayo pamwamba panali chidindo cha kapu ya tiyi chimene ndinayesa kukwecha mpaka ndinagonja.

Koma akayatsa, mlendo ankatembenuka kufuna kuona kuti woimbayo waima pati. Bambo ankafotokozera aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe, kuti ampu yaing'ono ngati imeneyi siikuwa, imangonong'ona, choncho imafuna masipika a pepala lopyapyala, osasusuka pa magetsi, oti ukangowakhudza pang'ono ayankha. Pa chokwezera mawu anakandapo kamzere ndi mpeni, ndipo sindinawaonepo atadutsa pamenepo. M'mawa wopita kuchipatala anasisita ampu ija n'kundiuza kuti ngakhale diso litakana, bola makutu alipo, iwo sadandaula.

Bambo ali m'chipatala, achimwene anatulukira ndi wopenta, zitini za penti ndi makatani atsopano. Anati Bambo akadzatsegula diso adzaone nyumba yowala. Pamenepo sindinatsutse, makoma analidi atada. Koma mawa lake anabweranso ndi katoni, natulutsamo masipika awiri atsopano, aang'ono, akuda, owala moti umadziona nkhope, olemera ngati njerwa. Anali odula, ndipo achimwene anaonetsetsa kuti zimenezo ndazimva. Ndinati tiyambe tawafunsa eni ake. Anandiyang'ana ngati ndanena kuti tifunse khanda ngati likufuna katemera. Anati mphatso siifunsidwa, ndiponso munthu amene analera ana movutikira sayenera kumamvera nyimbo m'zitseko za wadirobu ana ake alipo. Ndinati chabwino, koma akalewo asungidwe. Anati inde, inde, uku akuyankha foni. Ine ndinapita kuntchito.

Tsiku limene Bambo anatuluka, kushopu kunali chipwirikiti cha makadi aukwati amene tinalakwitsa dzina la mkwati, ndipo abwana anakana kundimasula. Amene anakawatenga anali achimwene ndi akazi awo, alamu anga. Nditafika madzulo ndinapeza pabalaza pali zii, fungo la penti lokhalokha, ampu itazimitsidwa koma ikadali yofunda. Alamu anati Bambo anamvera pang'ono n'kupempha kukagona, atopa. Ndinafunsa ngati masipika awakonda. Achimwene anati sananene choipa chilichonse, natola makiyi a galimoto. Ine ndinangoti nkhani yatha: awauza, Bambo anyinyirika chamumtima monga amachitira, tidzakambirana akachira.

Masiku otsatira nyumba inadzaza ndi odzazonda. Sindikudziwa chimene chimawagwira anthu akaona munthu waphimbidwa m'maso, koma amayamba kukuwa. Azakhali athu, amene ndi kale lomwe mawu awo amadzutsa agalu a m'makomo a eni, ankaweramira kukhutu kwa Bambo n'kuwafunsa ngati agona bwino, ngati akuitana munthu amene ali padenga. Aneba nawonso chimodzimodzi, mawu amodziamodzi, mokweza. Bambo ankangogwedeza mutu. Nyimbo sanapemphenso, ndipo ndikati ndiwayatsire ankati ayi, mutu ukuwawa. Chakudya ankangochilawa n'kukankha mbale. Ine ndinkati ndi mphamvu ya mankhwala, zitha.

M'mawa wina nditasamba m'manja n'kutenga kabotolo, ndinafika pabedi kuti nditukule chophimba chija. Bambo anandigwira dzanja n'kulikankhira kumbali. Anati zisiye. Ndinati nthawi yakwana. Anati akudziwa, koma zisiye, ndipo kuchipatala kuja sabwererako. Ine mtima wanga suchedwa kupsa, ndinatengera iwo omwewo. Ndinawakumbutsa zimene ananena adokotala, ndinawakumbutsa mabenchi a kuchipatala amene tinakhalapo mpaka msana kuuma, ndinati ngati akufuna khungu anene ndikawagulire ndodo lero lomwe. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera. Kenako anandiuza modekha kuti ampu ija ndikapereke kwa mnzawo wokonza mawailesi, pamodzi ndi galamafoni ndi mbale zake zonse, chifukwa m'nyumba muno zatha ntchito.

Ndinakhala pamphepete pa bedi.

"Bambo, mukuti chiyani?"

"Makutu apita, mwana wanga. Usanamizire kusadziwa."

"Makutu ake ati? Si mukundimva apa?"

"Ndikukumva chifukwa ukukuwa. Nonse mukukuwa. Adokotala anakuuzani, inu mwapangana zondibisira."

Ndipo ndinalidi nditangomaliza kukuwa.

Anandifotokozera pang'onopang'ono, nkhope atalozetsa kukhoma. Tsiku lija atangofika anapempha kuti awakhazike pampando wawo. Anapapasa okha n'kuyatsa ampu, anadikira kuti mavalavu atenthe, nauza achimwene mbale yoti aike, ya mayi wina woimba ndi gitala ndi chibesi cha zingwe, imene aimvera kambirimbiri. Anakweza mawu mpaka chala chinapeza kamzere kaja. Nyimbo inamveka ngati ikuchokera kwa aneba zitseko zili zotseka. Anadutsa kamzere, chinthu chimene anali asanachitepo, mpaka chokwezera chinafika pothera. Mawu a mayi uja anayamba kusasa ndi kung'ambika, chibesi osamveka n'komwe. Anayandikiza dzanja pa mavalavu, onse anali otentha bwinobwino.

"Ndinafunsa, kodi pali amene wagwira china apa? Mchimwene wako anati ayi Bambo, tangopukuta fumbi. Ndinafunsanso, nanga inu mukumva bwanji? Anati zikumveka bwino kwambiri. Mkazi wake anati mwinanso ndakwezetsa." Anatembenuzira nkhope kwa ine. "Ndiye ngati makina sanagwidwe, ndipo aliyense akumva bwino, chawonongeka n'chiyani? Ine ntchito yanga moyo wonse inali kufufuza chowonongeka. Umachotsa ichi, umachotsa icho, chotsalacho ndicho."

Anati ayenera kuti ndi mankhwala ogonetsa aja amene anapha mitsempha ya m'makutu, ndipo zikayamba choncho zimangopitirira. Diso lichire kapena lisachire, iwo alibe nalo ntchito. Kukhala pampando n'kumaona mavalavu akuyaka osamva kanthu, anati, bola mdima womwewo. Ndipo chipatala chimene chawalanda makutu sakachipatsanso diso.

Masiku onsewa Bambo anali atagona m'chipinda chino akulira maliro a makutu awo okhaokha, ine ndikuwabweretsera tiyi n'kumawauza kuti zitha. Ndinachita mantha, ndipo pansi pa manthawo panali mkwiyo.

"Bambo," ndinatero, ndipo ndinatsitsa mawu dala, "kodi sanakuuzeni kuti masipika anasintha?"

Anamva. Koma anangoti nawenso wayamba kundinyengerera ngati mwana. Ndinanyamuka, ndinapita pabalaza, ndinamasula mawaya a sipika imodzi yatsopano n'kubwera nayo kudzawakhazika pamiyendo. Manja awo anaizungulira. Anasisita mbali zosalala zija, anapeza kamphira kozungulira kutsogolo, anaidina pang'ono ndi chala, anaipendeketsa kuti amve kulemera kwake. Anandiuza kuti ndiwerenge zolembedwa kumbuyo, ndipo ndinawawerengera manambala amene ine sindinkawamvetsa. Kenako anati sipika imeneyi si yoipa, koma ndi yosusuka, imafuna chiampu cha mawati makumimakumi. Kuilumikiza ku yawo kuli ngati kumangirira ngolo ya njerwa kunjinga.

Ndinati zikomo, ndiye nkhani yatha, n'kutolanso kabotolo kaja. Anandikankhanso dzanja.

"Zimenezo ndi za m'mutu," anatero. "Mutu ukhoza kuvomera. Koma ine ndagona pano ndikumvetsera makutu anga akufa. Firiji sindikuimvanso. Wotchi ya pabalaza sindikuimvanso. Bweretsa anga ndimve, ndikamva ndidziwa."

Pamenepo ndinagwira pakamwa. Wotchi ija achimwene anali ataitsitsa n'kupachikapo ina yamakono yosalira, ndipo firiji wopenta anaikokera kukhonde lakuseri, inali isanabwerere m'malo mwake. Ndinawauza zimenezinso. Anaseka kaphwete kowawa, nati ndiye zonse zili ndi mayankho ake okonzeratu. Dzanja lawo linakhala pamwamba pa chophimba ngati akuopa kuti ndichitukula mowabera.

Ndinagudubuza nyumba yonse. Ndinayang'ana m'chipinda chosungira katundu, kunsi kwa mabedi, pamwamba pa makabati, kuseri kwa firiji pakhonde paja. Masipika akale panalibe. Ndinaimbira abwana kuti lero asandiyembekezere, andichotse ngati akufuna. Kenako ndinaimbira achimwene. Anati ali pamsonkhano. Ndinati msonkhanowo ausiye pomwepo abwere, ndipo mawu anga ayenera kuti anamveka mwachilendo, chifukwa sanafunse kawiri.

Ndinawadikirira kunja kwa geti kuti Bambo asamve. Poyamba anaseka, poganiza kuti ndi zokokomeza zanga zija. Nditafika pa za mankhwala ndi za kuchipatala, kuseka kunawathera pankhope. Anakhala pansi pamphepete pa ngalande, ndi buluku lawo la kuofesi lomwelo, maso ali tong'o. Anati ankafuna Bambo adzawaone okha masipikawo tsiku lochotsa chophimba, zidzakhale zodzidzimutsa. Atafunsidwa ngati agwira china, anaona kuti kuvomera n'kuwononga zonse. Za kumveka bwino anati sananame dala, iwo nyimbo saidziwa, m'galimoto amamvera nkhani zokhazokha, ndipo anaganiza kuti zinthu zodula choncho ndi mmene zimamvekera. Alamu anangotsatira pambuyo. Achimwene anabwereza kangapo kuti ankati ndi masiku ochepa chabe.

Ndinafunsa kumene kuli masipika akale aja. Anayang'ana nsapato zawo.

"Ndinampatsa wopenta."

Tinakwera galimoto. Wopentayo amakhala kuseri kwa mashopu a zitsulo, kumene kanjira kamachepa moti galimoto tinaisiya kumsewu n'kulowa wapansi, tikudumpha madzi a sopo. Pabwalo pake panali makwerero, zitini zopanda kanthu zosanjikizana, ndi maburashi onyikidwa m'chidebe. Mwini wake anatilandira ndi mano onse, poganiza kuti tabweretsa ntchito ina. Achimwene, amene kuofesi amalankhula anthu n'kukhala chete, anachita chibwibwi pofunsa za mabokosi aja.

"Mabokosi aja, bwana? Andithandiza kwambiri. Bwerani muone."

Anatitsogolera kuseri kwa nyumba, monyadira. Pansi pa kadenga ka malata panali sipika ya Bambo, itagonekedwa cham'mbali pa njerwa. Nsalu inali itang'ambidwa. M'bowo lozungulira lija munkasuzumira nkhuku yofungatira mazira, ikutiyang'ana ndi diso limodzi mopsa mtima. Ndinaizindikira ndi chidindo cha kapu ya tiyi, ngakhale pambali pake panali zitosi. Ndinatsamira khoma. Wopenta, osaona nkhope zathu, anapitiriza kutionetsa. Pamsomali panapachikika chitsulo cha m'kati mwa sipika, pepala lake litabooledwa ndi kung'ambidwa. Anati iye ankangofuna maginito, amatolera misomali pansi akamaliza ntchito. Anatulutsa maginitoyo m'thumba la zida, atamera misomali mbali zonse.

Achimwene anatsitsa chitsulo chija pamsomali. Ndinaona zala zawo zikuyesa kulumikiza zidutswa za pepala, ngati kuti zikakhudzana zigwirana. Apa m'pamene wopenta anatiyang'ana bwinobwino, mano aja n'kubwerera m'kamwa. Anati iye anauzidwa kuti ndi zinyalala, ndipo anafunsa kawiri asananyamule. Achimwene anavomera ndi mutu kuti n'zoona. Ine ndinalibe naye mlandu munthuyo, koma ndinalephera kumuyang'ana kumaso.

Ndinafunsa wopentayo za sipika inzake. Anakanda m'mutu. Anati imeneyo akazi ake anamuletsa kuphwasula, chifukwa msinkhu wake ndi wabwino kukhalirapo pochapa. Anathamangira m'nyumba n'kutuluka nayo, pamwamba pali kapilo kamaluwamaluwa. Nsalu inali yonyowa pang'ono pansi, koma nditaunika ndi foni ndinaona pepala lili lathunthu. Achimwene anainyamula okha mpaka kumsewu, anaikhazika pampando wakutsogolo n'kuimangira lamba. Ine ndinakhala kumbuyo.

Tili pafupi kufika anandifunsa, osatembenuka, ngati sizingakhale bwino kuwauza Bambo kuti inayo ili kokonzedwa, mpaka adzachire. Ndinadabwa kuti munthu angathe kugwera m'dzenje lomwelo zovala zisanaume. Ndinawauza kuti akangonena zimenezo kachiwiri ndiimitsa galimoto, nditenga sipikayo pamutu n'kuyenda wapansi. Anati pepa. Sindikukumbuka kuti anandiuzapo mawu amenewo chibadwire.

Tinapeza Bambo atakhala pabedi pomwe ndinawasiya, nthawi ya mankhwala achiwiri itadutsa kale. Ndinawagwira mkono n'kuwatengera pampando wawo pabalaza. Ndinawauza mosazungulira kuti imodzi tapeza yathunthu, inayo yafa, ndipo m'bokosi lake muli nkhuku. Ndinayembekezera kuti akalipa, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anangofunsa ngati chawonongeka ndi bokosi lokha kapena ndi pepala lomwe. Ndinati ndi pepala lomwe. Anagwedeza mutu kamodzi, napukuta manja pamaondo.

Kenako anayamba kulamula ali pampando pomwepo, ndi mawu a kuntchito. Yakale ipite kumanja. Yatsopano imodzi ikhalebe yolumikiza kumanzere, chifukwa ampu ya mavalavu siiyatsidwa mbali ina ili yopanda sipika, imapsa m'kati. Waya wa mzere ulowe pamene pali kadontho kofiira. Madikishonale asunthidwe, sipika ibwere pamlomo penipeni pa shelefu, nkhope yake iyang'ane mpando. Achimwene ndiwo ankachita zonsezi, ataima pa kampando, tayi ataiponya paphewa, thukuta lili kamukamu. Analakwitsa waya kamodzi, ine n'kuwalozera ndi chala. M'nyumba monse munalibe wokweza mawu.

Bambo anapapasa n'kuyatsa. Mavalavu anayamba kufiira, ife tili chiimire ngati tikudikira zotsatira za magazi. Anati mbale yomwe ija, ndipo ndinaika ine. Singano inatera. Chala chawo chinazunguza chokwezera pang'onopang'ono, chinapeza kamzere, chinaima.

Mbale imeneyi ndinali nditaimva kambirimbiri ndikusita zovala, koma ndinali ndisanaimvetsere n'kamodzi komwe. Mayi uja analowa m'nyumba, naima kumanja pafupi ndi windo. Chibesi chinabwera pambuyo pake, chonenepa, moti ndinachimva m'matabwa a tebulo limene ndinatsamira. Kumanzere sipika yodula ija inkangonong'ona zake zosamveka. Mutu wa Bambo unatembenukira kumanja pang'onopang'ono, pakamwa patatseguka. Anatukula chala. Anati apa apuma, ndipo mayi uja anakoka mpweya. Anati apa chala cha wabesi chiterereka, ndipo chingwe chinalira kuti tswii. Misozi inatuluka kunsi kwa chophimba n'kutsikira m'ndevu, ine n'kumadzifunsa mopusa ngati adokotala analola kulira.

Anamvera mpaka nyimbo inatha, natsitsa mawu okha. Singano inatsala ikukanda kumapeto kwa mbale mpaka ndinaitukula.

"Ndiye makutu anga ali bwino."

"Ali bwino, Bambo, ali bwinobwino," anatero achimwene msangamsanga akutsika pakampando, nkhope itamasuka koyamba tsiku limenelo.

"Usakuwe." Bambo anatembenuzira nkhope kumene kunachokera mawuwo. "Ngati ali bwino, ndiye kuti tsiku lija ndinakumva bwino. Ndinakufunsa kawiri ndili mumdima. Iwe unkandiona nkhope pamene unkayankha."

Achimwene anayamba kufotokoza kuti ankangofuna kuti Bambo adzasangalale. Bambo anati akudziwa. Anatsamira kumbuyo, anagadika mutu, natukula okha chophimba. Anati ndibwere nawo mankhwalawo. Dontho loyamba linagwera patsaya, lachiwiri ndilo linalowa. Diso linali lofiira kuposa dzulo lake, ndipo ndinaimbira kuchipatala nthawi yomweyo. Nesi anandikalipira, nati tisadikire tsiku lija, tibwere nawo mawa m'mamawa.

Achimwene anati alawirira kudzatitenga pagalimoto, ntchito aisiya, ndipo akhala nafe mpaka adokotala atiwone. Bambo anabwezeretsa chophimba, nachisalaza m'mbali ndi chala.

"Usavutike, mwana wanga. Ndipita ndi mlongo wakoyu, tikwera basi. Uyu akandiuza kuti apa pali dzenje, ndidziwa kuti palidi dzenje."

Ine ndinatseka kabotolo n'kupita kukasamba m'manja. Pobwerera ndinapeza achimwene akadali chiimire pakati pa balaza, sikuludiraiva ili m'manja, akusowa poiika.